Kaukonde ka a Nuphin

Mvula ikakhazikika kwathu ku Don Kha, munthu sasankha chochita. Mbande za mpunga zikafika m'bondo pa nazale zimafuna kuzulidwa sabata yomweyo, ndipo aliyense amene msana wake ukadapindika amalowa m'matope kukawoka. Mitambo imabwera yotsika, yolemera. Njati zoweta zimagona m'zithaphwi mphuno zokha zili kunja. Amonke a chipembedzo cha Buda nawo mvula imawalamula: miyezi itatu sagona kunja kwa kachisi wawo, ndipo okalamba ena a m'mudzi amavala zoyera n'kukabindikira nawo.

Chaka chimene ndikunenachi azakhali anga a Nuphin anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri. Linali dzinja lawo lachitatu ku kachisi wa m'nkhalango, kuseri kwa malo amene timawotcherako maliro.

Asanavale zoyera, mudzi wonse unkawadziwa ndi kaukonde. Kanali kaukonde wamba kozungulira, ka mkombero wansungwi, konga kamene amayi amavuulira tinsomba m'minda ya mpunga. Koma a Nuphin sankavuula nsomba. Munthu aliyense ali ndi khwan makumi atatu ndi awiri, timoyo tamantha tokhala m'ziwalo zake. Ukagwa mumtengo, ukagundidwa ndi njinga yamoto, ukaona choopsa, khwan amadumpha n'kutsala pamalo pomwepo, thupi lokha n'kubwerera kunyumba. Munthu wotero amayang'ana khoma, chakudya chimamukanika. Dokotala amalumikiza fupa, koma wokatenga wotsalayo ndi mayi wachikulire wa kaukonde.

Ntchitoyo anaiphunzira kwa apongozi awo ali ndi ana awiri, ndipo anaigwira zaka makumi anayi. M'kaukondemo ankaika malaya a wodwalayo, dzira lowiritsa, nthochi, kambulu ka mpunga womata ndi ulusi woyera wathonje. Ankapita pamene munthuyo anagwera, n'kumavuula m'madzi, mu udzu, ngakhale m'fumbi la pamsewu, uku akuitana. Akatero ankakulunga zonse, kunyamula m'chiuno ngati khanda, n'kubwerera osacheuka, osapereka moni kwa aliyense. Pofika pansi pa makwerero a nyumba, poti nyumba zathu zimaima pa mizati, ankafunsa kuti, "Wafika kodi?" Ndipo a m'nyumbamo ankayankha kuti, "Wafika." Wodwala ankadya dzira, a Nuphin n'kumumanga ulusi pamkono.

Sanali munthu wa mawu ofewa. Mlenje wina wa achule, chidakwa, atagwa kachitatu pa mlatho womwewo, anamuuza kuti, "Khwan wako njira waidziwa, azibwera yekha." Koma anapitabe.

Amuna awo, a Thongbai, anagwa mumtengo wa bwemba nyengo yachisanu, mpunga uli kale m'nkhokwe. Nthambi inali youma mkati. A Nuphin anavuula pansi pa bwembayo katatu, masiku atatu osiyana, ndipo ulusi unadzaza mkono wa amuna awo mpaka m'chigongono. Tsiku lachisanu ndi chiwiri a Thongbai anamwalira. Maliro atatha, alendo atabalalika, ndinawapeza azakhali atakhala pansi pa nyumba, kaukonde kali pamiyendo.

"Zaka makumi anayi sindinayang'anemo," anatero. "Ndinkangokulunga."

M'mawa mwake anapita ku kachisi. Mkulu wa amonke kumeneko timamutcha Luang Pho, atate a ku kachisi. Ali mwana ankatchedwa Tui, ndipo anali a Nuphin amene anakavuula khwan wake atagwa pamsana pa njati n'kugwera m'ngalande. Azakhali anagwada, kugunditsa chipumi pansi katatu monga mwa mwambo, kenako anakhala chammbali.

"Atate, ndabwera ndi funso."

"Funsani, Mayi."

"Chimene ndakhala ndikuvuula zaka zonsezi n'chiyani?"

"Mukufunsa ine? Amene munagwira kaukonde ndinu. Ine ndinkangolira."

"Munkalira muli mbulanda, matope mpaka m'makutu. Lero mwavala mkanjo, yankhani."

Luang Pho anaseka pang'ono. "Sindikudziwa," anatero. "Koma njira yofufuzira ilipo. Yambani ndi thupi lanu lomweli, ndi limene muli nalo pafupi. Fufuzani mwini wake. Mukampeza mubwere naye ndidzamuone."

"Zimatenga masiku angati?"

"Ena zaka makumi atatu."

"Ndilibe zaka makumi atatu. Ndiyamba dzinja likubwerali."

Mvula yoyamba itagwa anameta mutu ndi nsidze, navala zoyera, nalandira malamulo asanu ndi atatu: osapha chamoyo, osanama, osadya dzuwa likapendeka, ndi ena otero. Anawapatsa kanyumba ka matabwa kumapeto kwa nkhalango. Kutsogolo kwake kunali kanjira kamchenga, mapazi makumi awiri ndi asanu kuchoka pa mtengo wina kufika pa unzake, koyendamo posinkhasinkha. M'mawa uliwonse ndinkawapititsira kadengu ka mpunga womata ndi ndiwo zimene zapezeka, choncho zambiri ndinaziona ndi maso, zina anandiuza okha.

Dzinja loyamba linatha ndi kulimbana ndi tulo. Luang Pho anawauza kuti angotsata mpweya, pokoka anene mumtima "Bud", potulutsa "dho", dzina la Buda lodulidwa pakati. Munthu amene moyo wake wonse anakhala pansi pokhapokha manja ali ndi chochita, akakhala chabe ankasinza. Akapanda kusinza, maganizo ankathamangira kumunda, kwa ana awo ku Bangkok, ku nkhuku zimene anasiya. Udzudzu unkawatera pamutu wometawo, ndipo dzanja limene linapha nsomba ndi achule osawerengeka linkayenera kuuthamangitsa mwaulemu. Tulo tikawagwira ankadzuka n'kuyenda m'kanjirako, kupita ndi kubwerera, mpaka mchenga unakumbika pakati. Pofika nthawi imene mpunga umabereka ngala, ankatha kukhala ndi mpweya wawo kwa nthawi yophika mphika wa mpunga osathawa.

Dzinja lachiwiri Luang Pho anawapatsa zinthu zisanu zoti aziyang'ana ndi maso a mumtima: tsitsi, cheya, zikhadabo, mano, khungu. Kuchoka pa tsitsi kufika pa khungu, kubwereranso kufika pa tsitsi. Atazolowera, anawonjezera zamkati, mnofu, mitsempha, mafupa, chiwindi, ndulu, magazi, mpaka zinakwana.

"Zonse pamodzi ndi zingati, Atate?"

"Makumi atatu ndi ziwiri."

"Ndiye nyumba za khwan zimenezo."

"Ndiye gogodani khomo lililonse, muone amene atsegule."

Anagogoda. Zamkati sizinawavute kuziona, poti anatumbula nkhuku ndi nkhumba zambiri. "Chiwindi cha nkhumba ndachigwira," anandiuza, "changa sichingasiyane kwenikweni." Pa chiwalo chilichonse ankaima masiku angapo n'kufunsa: kodi ichi ndine? Kodi n'changa? Ndikachiuza kuti chisakalambe, chimva? Dzino lina la m'mbali litaguluka, sanalitaye. Analitsuka n'kuliika pa mzati wa kanyumba kawo, ndipo ankaliyang'ana m'mawa uliwonse. Dzulo linali "ine", lero lili pa mzati, ndipo palibe amene wachepa. M'tsitsi anapeza mafuta ndi fumbi. M'mafupa anapeza chinthu chonga dothi louma. M'magazi madzi, m'mimba moto, m'chifuwa mphepo. Zonse zinali zobwereka kwa mpunga, kwa mvula, kwa makolo. Khomo lililonse linatseguka, ndipo sanapeze wokhalamo.

"Mwina ali m'maganizo," azakhali anauza Luang Pho.

"Mwina. Dzinja likubwera mukamufune kumeneko."

Dzinja lachitatu anafufuza m'zimene munthu amamva ndi kuganiza. Mphunzitsi wawo wamkulu linali bondo lamanzere. Likayamba kuwawa, sankasuntha mwendo. Ankalowa mu ululuwo pang'onopang'ono monga munthu alowera m'munda wamadzi posadziwa pamene pali dzenje. Mkatimo anapeza kutentha, kukoka, kugunda, ndi liwu lakuti "ndikuvutika" likubwera pambuyo ngati galu wotsatira ngolo. Chilichonse chinkabwera n'kupita. Kenako anatembenukira kwa wodziwayo, amene ankaona zonsezi. Nayenso sanali mmodzi. Kudziwa kwa phokoso kunkabadwa ndi phokoso n'kufa nalo, kudziwa kwa fungo kunkabadwa ndi fungo.

M'mawa wina, mvula itangokata, akuyenda m'kanjira kawo, dontho linagwa kuchoka pa tsamba n'kutera pa dzanja lawo. Panali kuzizira, panali kudziwa kuti kwazizira, ndipo panalibe amene dontholo lamugwera. Anaima pomwepo nthawi yaitali. Amonke amakutcha sunyata, kuona kuti m'thupi ndi m'maganizo mulibe mwini, mulibe kanthu koima pakokha. Azakhali anangoti, "Ndinapepuka ngati ndatula mtolo wa mbande."

Luang Pho atamva anangoti, "Pitirizani. Musamange nyumba pamenepo."

Koma azakhali anali munthu womaliza zinthu. Tsiku la mwezi wathunthu, amayi a m'mudzi atabwera kudzasunga malamulo ku kachisi, anaimirira pamaso pawo.

"Anzanga, ndafufuza m'nyumba zonse makumi atatu ndi ziwiri. Mulibe munthu. Kaukonde kanga kankabwera kopanda kanthu masiku onse. Ndakhala ndikukunamizani osadziwa, koma tsopano ndadziwa, ndipo sindidzavuulanso."

Anandiuza kuti ndikatenge kaukondeko ndiziyanikirapo tsabola. Ndinatero.

Patapita sabata zitatu, mtsinje wathu waung'ono unadzaza n'kukwera pamwamba pa mlatho wa kumsika. Chaluai, mwana wamkazi wa a Thongliam, mnzawo wa azakhali, ankachokera kumsika pa njinga yamoto, ndipo anayesa kuwoloka. Madzi anatenga njinga, anatenga ndi iye. Anakagwira tsinde la nsungwi kumunsi, ndipo anakhala akulendewera pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, pamene amuna anamukoka ndi chingwe. Kuchipatala anapeza zokandika zokha. Anabwerera kunyumba, nagona chotembenukira kukhoma. Sankayankhula. Mpunga ankaugwira m'manja mpaka kuuma. Anali ndi khanda la miyezi inayi, ndipo akamupatsa ankaliyang'ana ngati la mlendo. Mkaka unayamba kuuma, khandalo n'kumamwa madzi a mpunga pa supuni.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri a Thongliam anafika pa kanyumba ka azakhali ndi kamtolo m'manja. Awiriwa anakulira limodzi, anawoka mpunga mzere umodzi kuyambira ali atsikana. Ine ndinali pomwepo, nditabwera kudzatenga kadengu.

"Achemwali, dzira ili, nthochi iyi, malaya ake awa. Chatsala ndi miyendo yanu."

"Ndinanena pamaso pa anthu, Thongliam. Unalipo."

"Ndinalipo. Ndinati ukalamba, zidutsa."

"M'kaukonde muja mulibe kanthu."

"Munalibe kanthu pamene munandivuula ine chaka chimene nyumba inapsa? Ndinadya mbale ziwiri tsiku lomwelo."

"Unali ndi njala."

"Mutu munameta, nzeru zinapita ndi tsitsi."

"Pita naye kwa dokotala wina. Uitane amonke amupempherere."

"Dokotala wati alibe matenda. Amonke abwera kale, apita. Mayi wa kaukonde wa kutsidya uja anamwalira chaka chatha, mukudziwa. M'midzi itatu yonseyi mwatsala inu nokha."

"Ndinalumbira kuti sindinama. Zaka zitatu ndakumba chitsime ichi ndi zikhadabo, sindingachikwirire tsiku limodzi."

A Thongliam anaimirira, nakonza nsalu yawo m'chiuno. "Mdzukulu wanga akulira njala, inu mukuyamwitsa lumbiro. Likule bwino." Anaika kamtoloko pa sitepe ya kanyumba n'kumapita.

Kamtolo kanakhala pamenepo masiku awiri. Azakhali sanakakhudze, koma kanali pamalo poti akatembenuka kumapeto kwa kanjira ankakaona. Anawonjezera nthawi yokhala, anawonjezera nthawi yoyenda. Nyerere zinapeza nthochi ija, iwo n'kumazisesa ndi nthenga kuti asaphe ngakhale imodzi. Kupepuka kuja kunali kutapita. Akatseka maso ankamva mawu a Thongliam, n'kumawayankha mumtima, yankho lililonse lakuthwa kuposa linzake.

Masana a tsiku lachiwiri, nthawi imene onse a ku kachisi amasesa masamba, anapita kumene Luang Pho ankasesa, nagwada patali pang'ono pa mchenga wonyowa.

"Atate, mtima wabwerera m'matope. Zaka zitatu zapita pachabe."

Luang Pho sanasiye kusesa. "Wakwiya ndani?"

"Ine."

"Ehe, mwampeza tsopano? Paja ndinati mubwere naye."

Luang Pho anakankhira masamba pambali, napitiriza.

"Munandiuza kuti m'nyumba mulibe mwini. Nanga amene akuopa kudetsa zoyera zake ndi uti?"

"Usandizunguze mutu, Tui." Anagwira pakamwa. "Pepani, Atate."

"Palibe kanthu, dzinalo nalonso linasowa mwini." Anaimika tsache. "Ndikuuzeni zimene ndikukumbuka za ngalande ija. Khwan sindinamuone. Ndikukumbuka nditagona, m'mutu muli madzi ndi ziboda za njati zokhazokha. Kenako ndinamva mawu anu pansi pa makwerero, amayi anga akuyankha, nyumba itadzaza anthu. Ndinamva kuti wina wayenda mpaka kungalande chifukwa cha ine. Dzira linali lofunda. Mantha aja anabwera ndi madzi, anachoka ndi dzira. Akanakhala olimba, oima paokha, palibe chikanawasuntha."

"Ndiye ndipite?"

"Ine ndimaphunzitsa kufufuza, Mayi. Zilolezo sindigawa." Anatenganso tsache lake.

Azakhali anabwerera m'kanjira kawo. Zimene anachita madzulo amenewo anandiuza patapita nthawi. Anatenga ntchito yawo yakale n'kuigogoda khomo ndi khomo, monga anachitira ndi thupi.

"Ndinalifuna bodzalo," anatero. "M'dzira munalibe. Mu ulusi munalibe. M'miyendo yopita kumlatho munalibe, m'kuitana munthu amene wasochera munalibe. Ndinali nditaona kuti chinthu chilibe mwini, ine n'kuganiza kuti ndiye kuti palibe chikuchitika. Ululu wa bondo ulibe mwini, koma ndikatambasula mwendo umaleka. Kenako ndinagogoda pa kukana kwanga. Pamenepo ndiye ndinapeza munthu, wonenepa bwino, atavala zoyera."

M'mawa mwake nditafika ndi kadengu, ndinawapeza atakhala pa sitepe, kamtolo kali pamiyendo.

"Kaukonde kanga kali kuti?"

"Kali ndi tsabola, Azakhali."

"Kakhuthule. Uwiritse dzira lina, ili lanunkha. Nthochi nayonso."

Makoswe anali atabowola kaukondeko pawiri. Atatha kudya chakudya chawo cha tsikulo, anakasoka ndi ulusi wa m'mphepete mwa nsalu, mfundo ndi mfundo, osafulumira. Kunkagwa mvula yamawawa. Ndinati ndiwakweze pa njinga yamoto, anakana.

"Wokatenga munthu amapita ndi miyendo."

Kuchoka ku kachisi kufika ku mlatho ndi ulendo wa ola limodzi kwa munthu wa mawondo abwino. Iwo anatenga awiri. Anthu amene ankapalira m'minda ankaweramuka, kuona mutu wometa ndi kaukonde, n'kuyang'anana. Ena anatsuka manja n'kulunjika kwa a Thongliam.

Madzi anali atatsika, mlatho ukuoneka, matope ofiira atamata pa udzu. Azakhali anatsikira kumunsi mpaka pa tsinde la nsungwi lija, pamene panali pakadali chidutswa cha chingwe. Anakwinya nsalu yawo yoyera, nalowa m'madzi ofika m'mawondo, ndipo anayamba kuvuula.

"Bwera, Chaluai, mwana wanga. Usakhale ndi nkhanu, usagone pa nsungwi. Madzi apita. Kwanu mpunga wapsa, amayi ako akudikira, mwana wako akulira. Bwera uvale malaya ako."

Mawu anali omwe aja a kale. Chosiyana chinali chimodzi: akatukula kaukonde ankayang'anamo. Koyamba munali masamba a nsungwi. Kachiwiri munalibe kanthu, madzi okha akudontha. Kachitatu munali kankhanu kakang'ono, ndipo anakagwira bwinobwino n'kukabwezera m'madzi. Atatha anatuluka, naika malaya, dzira, nthochi, mpunga ndi ulusi m'kaukondemo, nakulunga, nanyamula m'chiuno. Sanacheuke. Ine ndinkatsatira kumbuyo ndi ambulera imene anakana.

Pofika kwa a Thongliam mvula inali itakula, ikulira pa malata. M'nyumba munali mutadzaza amayi, nsapato zili mbwee pansi pa makwerero. Azakhali anaima pamenepo, madzi akutsika pamutu.

"Wafika kodi?"

Palibe anayankha. Amayi amene anali pakhomo anali omwe aja anawamva ku kachisi akunena kuti m'kaukonde mulibe kanthu, ndipo aliyense ankadikira mnzake. A Thongliam anali kuseri, akutonthoza khanda, osamva chifukwa cha malata.

"Wafika kodi?" anafunsanso mokweza.

Wina anatsokomola. Wina anayang'ana pansi. Azakhali anagwira makwerero ndi dzanja limodzi. Sanakwere. Anakoka mpweya, nautulutsa.

"Chaluai, mwana wa Thongliam, ndayenda mpaka ku nsungwi zija. Ndanyowa thupi lonse. Wafika kodi?"

Mkati khanda linkalira. Kenako panamveka mawu osasa, a munthu amene sanayankhule masiku khumi.

"Ndafika, Agogo."

Pamenepo amayi onse anayankha pamodzi kuti wafika, wafika, ndipo awiri anatsika kudzawathandiza azakhali kukwera.

Chaluai anali atatembenuka, akuyang'ana kukhomo. Azakhali anakhala pambali pake, namuveka malaya aja paphewa. Anasenda dzira, naligawa pakati ndi ulusi, nampatsa. Chaluai anatafuna nthawi yaitali, nameza. Theka linalo analiyang'ana, kenako anatambasula dzanja yekha. Azakhali anatenga ulusi woyera, naupukusa pamkono pake katatu kulozera kunja, katatu kulozera mkati, namanga mfundo. Amayi ena anatsatira, aliyense ndi ulusi wake. A Thongliam anabwera ndi khanda n'kungoima nalo pafupi. Chaluai analiyang'ana, nakonza miyendo, ndipo analilandira pamiyendo pake. Linasiya kulira n'kuyamba kufunafuna pachifuwa.

A Thongliam anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Mudya nafe, achemwali? Ndasinja papaya wosapsa wa ndiwo, pali ndi nsomba yootcha."

"Dzuwa lapendeka."

"Mitambo yonseyi mwaliona bwanji?"

"Mimba yandiuza."

"Lumbiro lija likadalipo?"

"Likuyamwa bwino. Umupatse msuzi wa nkhuku ndi maluwa a nthochi, mkaka ubwerere. Ndipo umuuze mkamwini wako kuti njinga ina akagula asamupatse nthawi ya madzi."

Anatsika makwerero chobwerera m'mbuyo, sitepe imodzi imodzi. Ulendo uno analola ambulera, koma njinga anakanabe. Tinafika ku kachisi nthawi yosesa ili pafupi, mvula itakata, nthunzi ikukwera m'nkhalango. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge kaukonde ndibwerere nako kwa tsabola wanga.

"Pita, mawa usachedwe ndi mpunga," anatero.

Anapita nako pachitsime. Anatunga ndowa imodzi, natsuka matope m'maso mwa ukondewo, nachotsa tsamba la nsungwi limene linakodwa pa mkombero. Anakakung'untha kawiri. Kenako anakwera pa sitepe ya kanyumba kawo, nakakoleka pa msomali, pafupi ndi tsache.